Kachasu Amafika mu Ubongo Msanga, Bwanji Mankhwala Ena Amakanika? Mafunso ndi Mayankho

Ku Marka, kumene msewu wa M1 umathera ndipo tsidya lake ndi Mozambique, mvula ikagwa madzi a Shire n'kudzaza dambo la Ndindi, udzudzu umaswana osati masewera. Ndiyo nyengo imene mawu akuti "malungo apita kumutu" amamveka kawirikawiri m'midzi ya kwa Ndamera. Kuti timvetse chimene chimachitikadi m'mutu mwa mwana wotere, tiyenera kudziwa kaye mmene zinthu zimadutsira kuchoka m'magazi kulowa mu ubongo. Nkhaniyi ikukhudzanso womwa kachasu, womwa ma ARV, ndi mayi amene khanda lake lachita chikasu.

Kodi chilichonse chimene chili m'magazi chimafika mu ubongo?

Ayi. Magazi amayenda mu ubongo kudzera m'timitsempha ting'onoting'ono tambirimbiri, moti mutatilumikiza tonse tingatalike makilomita pafupifupi 600. M'ziwalo zina, monga m'chiwindi, timitsempha totere tili ndi mipata, ndipo zinthu zambiri za m'magazi zimatuluka mosavuta. Mu ubongo si choncho. Maselo amene amapanga khoma la timitsemphati ndi omatana zolimba, osasiya mpata pakati pawo, ndipo kunja kwake kwazungulira maselo ena amene amathandiza kuti khomalo likhale lolimba. Chinthu chofuna kulowa sichingazembere pakati pa selo ndi selo. Chiyenera kudutsa m'kati mwa selo lenilenilo. Chotchinga chimenechi madokotala amachitcha blood-brain barrier. Phindu lake n'lakuti mchere, shuga ndi zina za m'magazi zimakwera ndi kutsika tsiku lonse malinga ndi zimene tadya kapena thukuta limene tatuluka, pamene maselo a ubongo amafuna malo osasinthasintha kuti atumizirane mauthenga bwino.

Anthu anachidziwa bwanji chinthu chosaoneka ndi maso?

Anachidziwa ndi utoto. M'chaka cha 1885, Paul Ehrlich wa ku Germany anabaya nyama utoto m'magazi, napeza kuti ziwalo zasintha mtundu koma ubongo watsala woyera. Wophunzira wake, Edwin Goldmann, anachita zosiyana mu 1913: anathira utoto m'madzi ozungulira ubongo, ndipo ubongo unadetsedwa pamene thupi linatsala losakhudzidwa. Apa zinaoneka kuti pakati pa magazi ndi ubongo pali chotchinga. Malo ake enieni anaoneka mu 1967, pamene Thomas Reese ndi Morris Karnovsky anagwiritsa ntchito makina oonera zinthu zazing'ono kwambiri n'kusonyeza kuti ndi pa mfundo zomata maselo a timitsempha tija.

Ngati khomalo n'lolimba chotere, ubongo umapeza bwanji chakudya?

Taganizirani chipata cha m'malire cha pa Marka popita ku Vila Nova da Fronteira. Malire alipo, koma sikuti n'ngotsekeratu: pali odutsa mosavuta, pali ofunika mapepala, ndipo pali obwezedwa. Mu ubongo, odutsa mosavuta ndi mpweya wa okosijeni ndi mpweya woipa umene timatulutsa popuma, pamodzi ndi tinthu ting'onoting'ono kwambiri tosungunuka m'mafuta, chifukwa chikopa cha selo n'chopangidwa ndi mafuta. Shuga sasungunuka m'mafuta, choncho ali ndi chomunyamula chakechake chotchedwa GLUT1, chimene chimamutenga m'magazi n'kumuwolotsa. Tizidutswa tomangira thupi tochokera ku nsomba, nyemba ndi nyama nato tili ndi zotinyamula zake. Zinthu zazikulu, monga mapuloteni ambiri a m'magazi, zimatsala kunja.

Ubongo umadya kwambiri. Kulemera kwake ndi magawo 2 okha pa 100 a thupi la munthu wamkulu, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zonse za thupi munthu akangokhala, ndipo umafuna shuga wokwana magalamu pafupifupi 120 patsiku. Ulibe nkhokwe yoti n'kudalira. Shuga akatsika kwambiri m'magazi, munthu amasokonezeka, amanjenjemera, amatha kukomoka. N'chifukwa chake mwana wokomoka akafika kuchipatala, anamwino amathamangira kumuboola chala kuti ayeze shuga.

Nanga kachasu amadutsa bwanji msanga chonchi?

Mowa ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ndipo umasakanikirana ndi madzi ndi mafuta omwe. Sufuna chounyamula, umangolowa, ndipo pakangopita mphindi zochepa munthu atamwa, umakhala wafika kale. Womwa m'mimba mulibe kanthu amaledzera msanga chifukwa mowa umalowa m'magazi mofulumira, ndipo ukakhala m'magazi palibenso choubweza. Chikonga cha mu fodya chimachita changu kuposa apa: chimafika mu ubongo pa masekondi 10 mpaka 20 munthu atakoka utsi. Chimene chimachotsa tulo mu tiyi ndi khofi, komanso chimene chimazunguza mutu mu chamba, nazonso zimadutsa mosavuta.

Ena amati chidakwa chozolowera "chili ndi mutu wolimba", ngati kuti mowa sukufikanso mu ubongo wake. Umafika ndithu, wonse. Chimene chasintha n'chakuti maselo a ubongo azolowera kugwira ntchito ali m'mowa, ndipo kuzolowerako ndiko kumachititsa kuti munthu wotere akasiya mwadzidzidzi azinjenjemera, aziona zinthu zomwe palibe, nthawi zina mpaka kugwa ngati wa khunyu. Wofuna kusiya atamwa kwambiri kwa zaka zambiri ndi bwino ayambe waonana ndi achipatala.

Bwanji mankhwala ena amagonetsa kapena kulotetsa, pamene ena sachita choncho?

Chifukwa ena amalowa mu ubongo, ena salowa. Piritoni amene timamwa tikachita zidzolo zoyabwa amadutsa chotchinga mosavuta, ndiye tulo timabwera. Mnzake cetirizine amagwira ntchito yofanana m'thupi koma amalowa pang'ono chabe, choncho ambiri sawagonetsa kwambiri. Amene anamwapo ma ARV a 5A akukumbukira maloto oopsa ndi chizungulire cha masabata oyambirira. Munali efavirenz, amene amalowa mu ubongo n'kusokoneza tulo. Kuyambira mu 2019 Malawi anayamba kusamutsira anthu ambiri ku 13A, amene ali ndi dolutegravir.

Palinso china chodabwitsa. M'khoma la timitsempha tija muli timapampu tokankhira kunja zinthu zina zimene zayamba kulowa. Kodziwika kwambiri ndi P-glycoprotein. Mankhwala oletsa kutsegula m'mimba otchedwa loperamide ndi a banja limodzi ndi morphine, koma akamwedwa pa mlingo woyenera saledzeretsa, chifukwa kapampuka kamawabweza. Ndi kapampu komweka kamene kamachititsa kuti ivermectin, amene amagawidwa m'maboma monga Thyolo ndi Mwanza pothana ndi matenda a khungu ndi maso ofalitsidwa ndi ntchentche za m'mitsinje, aphe nyongolotsi osavulaza ubongo wa womwa. Katswiri wina wa ku Los Angeles, William Pardridge, anayerekeza kuti mankhwala 98 pa 100 aliwonse a tizidutswa ting'onoting'ono salowa mu ubongo mokwanira. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene matenda a mu ubongo amavutira kuchiza.

Mwana akadwala malungo a mu ubongo, ndiye kuti tizilombo talowa mu ubongomo?

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Tizilombo ta malungo totchedwa Plasmodium falciparum sitidutsa chotchinga. Timakhala m'kati mwa maselo ofiira a magazi, ndipo tikamakula timachititsa kuti maselowo akhale omata. Maselo omatawa amakakamira kukhoma la timitsempha ta mu ubongo, mbali ya m'kati momwe mumayenda magazi, n'kuunjikana mpaka njira kuchepa. Magazi amayenda movutikira, okosijeni ndi shuga zimaperewera, khoma limatupa ndipo mfundo zomata maselo zija zimayamba kumasuka. Madzi ndi zinthu zina zimene zinayenera kutsala m'magazi zimayamba kudonthera mu ubongo.

Zambiri zimene dziko lonse likudziwa pa nkhaniyi zinapezeka kwathu konkuno. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza malungo a ana pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mu 1989 anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa mwana wamng'ono, yotchedwa Blantyre Coma Score, imene ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri lero. Njirayi n'njosavuta: dokotala amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akulira moyenera akamva kuwawa, ndi ngati akukankha dzanja limene likumutsina. Mwana wabwinobwino amapeza 5. Wopeza 2 kapena kuchepera apo wakomoka kwambiri.

Ku Blantyre komweko, dokotala wa maso Susan Lewallen ndi anzake anaona kuti kuseri kwa diso la mwana wodwala malungo a mu ubongo kumakhala timawanga toyera, timitsempha tosintha mtundu ndi timadontho ta magazi. Timitsempha ta m'diso n'tofanana ndi ta mu ubongo, choncho dokotala akamaunika m'diso ndi kagalasi kake amakhala akuona zimene zikuchitika m'mutu. Zimenezi n'zofunika chifukwa kudera ngati la kumunsi kwa Shire ana ambiri amakhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi ngakhale asakudwala. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2004 anapeza kuti mwa ana 31 amene anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo, 7 anafa ndi matenda ena. Ndiye dokotala akafuna kuyeza zina ngakhale malungo apezeka kale, si kuti akutaya nthawi.

Ndiye chimapha mwana n'chiyani?

Kwa zaka zambiri funsoli linalibe yankho lomveka, mpaka chipatala cha Queen Elizabeth chinalandira makina a MRI mu 2008, ojambula ubongo wa munthu ali moyo. Karl Seydel, Taylor ndi anzawo anajambula ana 168 odwala malungo a mu ubongo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa amene anachira, otupa chotere anali 27 okha pa 100 aliwonse. Chigaza ndi fupa, sichifutukuka. Ubongo ukatupa umasowa kopita, umakanikizira pansi pamene pali gawo loyendetsa kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma mtima ukugundabe.

Chimene chimandilimbikitsa m'kafukufukuyu n'chakuti mwa ana opulumuka amene anajambulidwanso, kutupako kunkaphwa. Ubongo wotupa si ubongo wakufa. Koma ndisabise kuti ena mwa ochira amatsala ndi khunyu, kuvutika kulankhula, kapena kusagwira bwino za kusukulu. Mwana amene anali wanzeru asanadwale kenako n'kumalephera mayeso samachita dala, ndipo kumukwapula n'kumulakwira kawiri.

Mwana akayamba linjirinjiri kapena kukomoka kumudzi, tichite chiyani?

Mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zisamutsamwitse. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamufukizire utsi, ndipo musamuthire madzi, phala kapena mankhwala a zitsamba m'kamwa ali chikomokere, chifukwa zimapita m'mapapo. LA ndi mankhwala abwino a malungo wamba, koma mwana wosatha kumeza amafunika jakisoni wa artesunate. Kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, amene anachitika m'mayiko 9 a mu Africa kuphatikizapo ku Beira ku Mozambique, anapeza kuti artesunate amachepetsa imfa za ana ndi magawo 22.5 pa 100 poyerekeza ndi kwinini. Kumene alangizi a zaumoyo ali ndi artesunate woika kumatako, mankhwalawo ndi ongogulira nthawi. Mwana ayenerabe kupita kuchipatala tsiku lomwelo, kaya pa kabaza, pa njinga yamoto kapena pa bwato ngati madzi asefukira.

Ndikudziwa kuti mwana akamaphiriphitha, maso atatembenuzika, maganizo a banja amathamangira kwa anthu oipa kapena mizimu, ndipo agogo anganene kuti tiyambe tapita kwa sing'anga. Sindikunyoza mantha amenewo. Koma ola lililonse limene likudutsa, maselo omata aja akuchulukirachulukira. Yambani ku chipatala cha Ndamera kapena cha boma ku Nsanje. Zokambirana zina zidzachitika mwana ali pa diripi. Nsanje ndi Chikwawa ali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019. Katemerayu amachepetsa malungo aakulu koma sawathetsa, choncho neti isapachikidwe kukhoma.

Amati kutapa madzi a kumsana kumapha. N'zoona?

Si zoona, ngakhale mantha ake n'ngomveka. Ubongo ndi chingwe chake cha mumsana zimayandama m'madzi oyera mbee, okwana pafupifupi mamililita 150 mwa munthu wamkulu. Thupi limapanga madzi atsopano pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, ndiye ochepa amene adokotala amatapa amabwerera m'maola ochepa. Singano amalowa kumunsi kwa msana, kupitirira pamene chingwe chija chimathera. Poti chotchinga chimalekanitsa magazi ndi ubongo, kuyeza magazi kokha sikungasonyeze zonse zimene zikuchitika kuseri kwake. Madzi a kumsana ndiwo amaulula ngati ali matenda oumitsa khosi, ndi mtundu wake. Mbiri yoipa inabwera chifukwa ambiri otapidwa madzi amakhala atafika kale ali kayakaya, ndipo akamwalira abale amakumbukira singano uja, osati masiku amene anachedwa kunyumba. Pali nthawi zina pamene kutapa n'koopsadi, monga ngati zizindikiro zikusonyeza kuti ubongo watupa kwambiri, ndipo adokotala amayamba ayeza zimenezo.

Bwanji matenda oumitsa khosi amafuna majakisoni ambiri chonchi?

Chifukwa mankhwala ambiri opha mabakiteriya, monga penicillin ndi ceftriaxone, salowa bwino kuseri kwa chotchinga. Kutupa kwa matendawo kumachimasula pang'ono, mankhwala n'kupeza polowera, komabe pamafunika mlingo waukulu kudzera mumtsempha kuti okwanira afike. Wodwala akayamba kupeza bwino chotchinga chimayambanso kutseka, ndiye kuthawa m'chipatala majakisoni asanathe n'kudziika pangozi.

Kwa anthu amene HIV yafooketsa kwambiri chitetezo chawo, pali mtundu wina woyambitsidwa ndi kafangasi kotchedwa Cryptococcus. Fluconazole ndi flucytosine ndi mankhwala a tizidutswa ting'onoting'ono ndipo amalowa bwino m'madzi a ubongo. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika ku Blantyre, ku Lilongwe komanso ku Botswana, Zimbabwe, Uganda ndi South Africa, anasonyeza mu 2022 kuti diripi imodzi yamphamvu ya liposomal amphotericin B pamodzi ndi mapiritsi awiriwa kwa masiku 14 imagwira ntchito mofanana ndi njira yakale ya madiripi a sabata yathunthu, ndipo siipweteka thupi kwambiri. Bungwe la WHO linavomereza njirayi chaka chomwecho. Pa matenda amenewa kutapa madzi a kumsana mobwerezabwereza ndi chithandizo pachokha, chifukwa kumachepetsa kupanikizika m'mutu ndipo litsipa limaphwa.

Kodi pali tizilombo timene timalowadi mu ubongo?

Tilipo. Ta matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe kufupi ndi nkhalango za Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu, timayamba m'magazi kenako n'kuwolokera mu ubongo. Kale chithandizo chinkadalira pamene tafika. Tikakhala m'magazi ankapereka suramin, amene sadutsa chotchinga. Tikalowa mu ubongo ankapereka melarsoprol, amene amadutsa koma ali ndi poizoni wa arsenic ndipo ankapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 aliwonse. Mapiritsi a fexinidazole, omwa kwa masiku 10, amafika mbali zonse ziwiri. Anayesedwa pa chipatala cha Rumphi ndi ku Uganda, ndipo mu December 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linawavomereza pa mtundu wa kaodzera umene uli kuno.

Chiwewe chili ndi njira ina. Kachilombo kake sikadalira magazi. Kamakwera pang'onopang'ono m'mitsempha ya mauthenga kuchokera pa bala mpaka mu ubongo, chotchinga n'kuchilambalala. Kakafika, mankhwala alibenso mphamvu. N'chifukwa chake wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kukalandira katemera asanamve chizindikiro chilichonse.

Kodi khanda limabadwa lopanda chotchingachi?

Ayi, chimakhala chikugwira kale ntchito mwana asanabadwe. Koma khanda lili ndi vuto lake. M'masiku oyambirira maselo ofiira ambiri amasweka n'kutulutsa bilirubin, amene amachititsa chikasu, pamene chiwindi sichinakhwime kuti chimuchotse msanga. Bilirubin wambiri amagwiridwa ndi puloteni ya m'magazi ndipo sangadutse, koma akachuluka mopitirira, wotsalayo amasungunuka m'mafuta n'kulowa mu ubongo. Zotsatira zake zingakhale kugontha kapena kulumala kwa moyo wonse. Chikasu chooneka tsiku loyamba, chofika m'zikhatho ndi kumapazi, kapena cha mwana wokana kuyamwa, n'chofunika kuchipatala msanga, kumene amamuika pansi pa nyali yapadera imene imasintha bilirubin kuti atuluke m'thupi.

Kodi madokotala sangachitsegule dala chotchingachi, kapena kuchitseka chikamadontha?

Kutsegula akuyesa. M'mayiko ena amabaya m'magazi timathovu ting'onoting'ono, kenako n'kulunjika mafunde a ultrasound pamalo amodzi a mutu; chotchinga chimatseguka kwa maola angapo kuti mankhwala a khansa ya mu ubongo alowe, kenako chimatsekanso. Zambiri zidakali pa kafukufuku. Njira yakale n'kupezera mankhwala chowanyamula. Odwala Parkinson amasowa dopamine mu ubongo, koma dopamine sadutsa, ndiye amapatsidwa levodopa, amene amakwera chonyamulira tizidutswa tomangira thupi tija n'kukasanduka dopamine atalowa kale.

Kuletsa kudontha ndi kutupa pa malungo kwavuta kwambiri. Dexamethasone, amene amaphwetsa kutupa kwa mitundu ina, anayesedwa ku Thailand ndipo zotsatira za mu 1982 zinasonyeza kuti amangotalikitsa kukomoka. Mannitol, amene amakoka madzi kuchoka mu ubongo, anayesedwa pa ana ku Uganda ndipo sanathandize. Zotsatira za MRI zitatuluka, ofufuza a ku Blantyre anayamba kuyesa njira ziwiri pa ana otupa ubongo kwambiri: diripi ya madzi amchere wambiri, ndi makina othandiza kupuma kuti mwana apitirire masiku oopsawo mpaka kutupa kuphwe. Makina otere amafuna magetsi osazima, okosijeni ndi anamwino ophunzira mwapadera, ndipo kuchokera ku Marka kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 200.